Pandora Inandikhutitsa Maso, Koma Nkhani Yake Ayi

Filimu ya Avatar, yomwe James Cameron anatulutsa mu 2009, ndinaionera mochedwa, pa kompyuta ya mnzanga ku hositelo, anthu asanu titapanikizana pa bedi limodzi. Ngakhale pa kagalasi kakang'onoko, dziko la Pandora linandisiya kukamwa kuli yasa: mapiri olenjekeka m'mlengalenga, nkhalango zowala usiku, ndi anthu a mtundu wa Na'vi, akhungu la buluu, otalika pafupifupi mamita atatu. Mphoto zitatu za Oscar zomwe filimuyi inapata zonse zinali za maonekedwe. Mphoto ya filimu yopambana zonse inapita kwa The Hurt Locker, ndipo ine ndikuti oweruza sanalakwe.

Monga wophunzira za ziyankhulo, ndinasangalala kuti a Na'vi sangobwebweta mawu opanda tanthauzo. Cameron analemba ntchito Paul Frommer wa pa University of Southern California kuti apange chiyankhulo chokhala ndi malamulo akeake. M'chiyankhulochi, kaphatikizo kosonyeza nthawi kamalowa m'kati mwenimweni mwa tsinde la mneni, pamene ife timakaika tsinde lisanayambe, monga mu "ndinadya" ndi "ndidzadya". Ntchito imeneyi ndimaivulira chipewa.

Koma chiyankhulo chokongolachi chimagwira ntchito yanji m'nkhaniyi? Neytiri amayankhula ndi Jake Sully m'Chingerezi chomwe anaphunzira kusukulu ya Grace Augustine, sukulu imene inandikumbutsa za amishoni. Ndipo mu gawo lachiwiri la 2022, The Way of Water, Jake akungotiuza koyambirira kuti makutu ake azolowera, basi a Na'vi onse n'kuyamba kumveka m'Chingerezi. Chiyankhulo cha eni dziko chikusanduka chokometsera chabe, ngati mikanda.

Chondiwawa kwambiri ndi Jake yemweyo. Msilikali wobwera, yemwe kampani yokumba miyala inamutuma kukachita ukazitape, akuphunzira moyo wa a Na'vi m'miyezi itatu, akukwatira mwana wa mfumu, akukwera toruk, chilombo chouluka chomwe makolo asanu okha a mtunduwo anachikwerapo, kenako akutsogolera nkhondo. Kodi pakati pa alenje onse a Pandora panalibe mmodzi woti n'kuteteza kwawo? Amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, koma apa eni mudzi awalanda ndi mipeni yomwe.

Anzanga ananditsutsa usiku womwewo kuti filimuyi ikudzudzula atsamunda, ndipo akunena zoona. Mu 2010 ena anafanizira a Na'vi ndi a Dongria Kondh a ku India, omwe ankakana kuti kampani ya Vedanta ikumbe miyala m'mapiri awo a Niyamgiri. Komatu mu 2013 anali anthu a m'midzimo, pa misonkhano khumi ndi iwiri, amene anakana mgodiwo ndi pakamwa pawo. Nkhani yotere ndiyo ndinkaifuna ku Pandora.

Komabe ndisaname: mnzanga uja atagona, ndinabwezeranso kawiri pamene Jake akuuluka koyamba pakati pa mapiri aja.