Nsomba za M'galasi: Tiyambe ndi Ziti?

Mwezi uno tikuyankha kalata ya mayi wina wa ku Santhe, m'boma la Kasungu. Amuna awo atagulitsa fodya ku okushoni ya ku Chinkhoma anapita ku Lilongwe kukagula zofunika za pakhomo, ndipo anabwerako ndi kathanki ka galasi pamodzi ndi tinsomba tisanu tofiira, kuti ana asangalale. Sabata ziŵiri zisanathe tinsomba tonse tinafa. Ana analira, ndipo bambo ndi mayi anayamba kulozana zala chifukwa cha ndalama zimene zinaloŵa m'madzi. Tsono mayiyu akufunsa kuti: kodi iripo nsomba imene munthu wongoyamba kumene angathe kuiŵeta m'galasi osafa?

Ife tikuti iripo, ndipo iri pafupi ndi kwanu koposa Lilongwe. Koma tisanaitchule, tiyeni tiyambe taona nsomba zimene zimakopa maso, pakuti akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tinsomba tofiira timene bamboŵa anagula ndi tija Azungu amatitcha goldfish. M'sitolo timaoneka tating'ono ngati chala, koma ndi ana chabe. Nsomba imeneyi imakula kupitirira masentimita 20, ndipo ikasamalidwa bwino imakhala ndi moyo zaka zoposa 10. Imadya kwambiri, ndipo imaipitsanso madzi kwambiri. Zonyansa za nsomba zimatulutsa poizoni wotchedwa amoniya, amene saoneka ndi maso koma amatentha ziwalo zimene nsomba imapumira. Nsomba zisanu zotere m'kathanki kakang'ono zimafa ndi zonyansa zawo zomwe, ngakhale madzi akuoneka oyera. Motero mayi, musaŵadzudzule bambo, ndiponso musadzitsutse nokha. Cholakwa chinali pa kusankha.

Ena adzati: nanga bwanji mbuna za m'nyanja yathu? Ndi zoona kuti Nyanja ya Malaŵi iri ndi mitundu ya nsomba yoposa 700, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 malemu Stuart Grant ankatumiza nsomba zamoyo ku maiko akunja kuchokera ku Salima, ndipo mbuna zinatchuka m'nyumba za ku Germany, ku Britain ndi ku America. Pofuna kuziteteza, boma linakhazikitsa paki ya Lake Malawi National Park ku Cape Maclear mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika ku dziko lonse. Tiyenera kuzinyadira nsomba zimenezi, koma si za munthu woyamba. Mbuna ndi yandewu. Yaimuna imadzisankhira mwala wake, nithamangitsa inzake mpaka kuipha ngati palibe kothaŵira. Imafuna thanki ya malita 200 kapena kuposerapo, miyala yambiri, madzi ofunda chaka chonse, ndi makina osefa madzi oyendera magetsi usana ndi usiku.

Palinso kansomba kachilendo kotchedwa guppy, kochokera ku Trinidad ndi ku Venezuela, kamene mabuku a kunja amakayamikira kuti n'kosavuta. Kamaswana msanga, ndipo kamadya mphutsi za udzudzu. Koma kamakonda madzi ofunda madigiri 22 mpaka 28, ndipo inu a ku Kasungu mukudziŵa m'mene kumazizirira usiku mu Juni ndi Julayi. Madzi ochepa amazizira msanga, ndipo popanda choŵatenthetsera kansombaka kamafooka ndi kudwala. Ana a makumba ndi a mlamba nawonso tiŵasiye. Malo awo ndi dziŵe lokumba. Mlamba umatha kukula kupitirira mita imodzi, umameza nsomba zinzake, ndipo usiku umatuluka m'madzi.

Tsono nsomba imene tikuiyamikira ndi matemba, omwe aja timadyera nsima. Mwina wina aseka. Koma taganizani: matemba a m'madambo ndi m'timitsinje ta kwanu anabadwira m'madzi omwewo amene mudzathira m'thanki. Anazoloŵera chisanu cha Juni ndi kutentha kwa Okotobala, ndiponso amapirira madzi akamaphwa ndi kuchepa mpweya. Sachita ndewu, sasankha chakudya, ndipo simutaya ngakhale tambala imodzi poŵapeza. Ife tinaŵaona koyamba m'galasi tiri ndi mtima wopeputsa, koma tinadabwa m'mene amanyezimira ngati siliva, ndi m'mene gulu lonse limatembenukira pamodzi ngati lalamulidwa. Mwana amene wakhala akuŵaona ouma pamsika adzaphunzira zambiri poŵaona amoyo.

Pokonzekera, pezani thanki ya malita 60, ndiko kuti ndowa zitatu za malita 20. Yotambalala ndi yabwino koposa yaitali, pakuti mpweya umaloŵa m'madzi kudzera pamwamba. Pansi yalani mchenga wa kumtsinje wotsukidwa bwino, miyala ingapo, ndi zomera za m'madzi za ku dambo lomwelo. Yang'anitsitsani zomerazo kuti musatenge nkhono kapena mazira ake, chifukwa nkhono zina za m'madambo zimafalitsa likodzo. Pa chifukwa chomwecho wogwira nsomba akhale munthu wamkulu wotchera mono ali pamtunda, osati ana oloŵa m'madzi. Madzi a pampopi akhale m'ndowa yosavindikira masiku aŵiri kuti klorini achoke, ndipo a pamjigo agone tsiku limodzi kuti alandire mpweya. Thanki iikidwe pamalo oŵala koma osafika dzuŵa, kutali ndi utsi wa kukhitchini, ndipo ivindikiridwe ndi sefa, popeza matemba amadumpha.

Apa m'pofunika kudekha, monga amanenera za maso a nkhono. Poyamba ikani matemba atatu okha, ang'onoang'ono. Pa mchenga ndi pa miyala pamayamba kumera tizilombo tosaoneka ndi maso timene timachotsa ululu wa amoniya uja, koma kuti tichuluke pamapita sabata zinai mpaka zisanu ndi imodzi. Nthaŵi imeneyi ikatha onjezani ena atatu, ndipo lekezani pomwepo. Sabata iriyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anai a madzi, nimuthire atsopano ogonetsa. Musakhuthule madzi onse, ndiponso musatsuke mchenga ndi sopo, chifukwa mukatero mwapha antchito anu aja. Chakudya chikhale madeya pang'ono, usipa wouma wosinja, chiswe kapena mphutsi za udzudzu, kamodzi pa tsiku, chongokwanira kutha m'mphindi ziŵiri. Nsomba zambiri za m'galasi zimafa ndi kudyetsedwa mopitirira muyeso. Choncho mwana mmodzi yekha apatsidwe udindo wozidyetsa.

Inu alimi a fodya muli ndi chenjezo lanulanu. Chikonga cha mu fodya ndi poizoni kwa nsomba. Munthu wochokera ku chigafa kapena kosankha fodya asambe m'manja bwinobwino ndi kutsukuluza sopo yense asanakhudze madzi a m'thanki. Ndowa imene inasungunulirapo mankhwala opopera kapena feteleza isayandikire, ngakhale itatsukidwa kangati. Nsomba zikhale ndi ndowa yawoyawo. Musatungenso madzi kapena kugwira matemba kumunsi kwa nazale ya fodya, kumene mankhwala amatsikira. Ndiponso popopera mankhwala a udzudzu m'nyumba, phimbani thanki ndi nsalu.

Chatsala chinthu chimodzi chachikulu koposa zonsezi. Tsiku lina ana adzatopa nazo nsomba, kapena banja lidzasamuka. Matemba amene sanasakanizidwe ndi nsomba zachilendo mungathe kuŵabwezera ku dambo kumene munaŵatenga. Koma goldfish kapena guppy musaitaye konse mu mtsinje, m'dambo kapena m'damu. Mitsinje ya Bua ndi Dwangwa, imene imalandira madzi a m'madambo a Kasungu, imakathira m'Nyanja ya Malaŵi ku Nkhotakota. Anzathu a ku Uganda, Kenya ndi Tanzania analaŵa zoŵaŵa za chinthu chotere: nsomba yolusa yotchedwa Nile perch inaikidwa m'Nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1950, ndipo pofika m'ma 1980 mitundu pafupifupi 200 ya nsomba za m'nyanjayo inali itasoŵa. Kuno kwathu lamulo la kasamalidwe ka nsomba la mu 1997 linaletsa kuika nsomba m'madzi amene si kwawo popanda chilolezo. Nsomba yachilendo imene yakukanikani mupatseni mnzanu amene ali ndi thanki.

Choncho mayi wa ku Santhe, musalitaye galasi lija. Ngati ndi laling'ono kwambiri, likhale lomeretsera zomera za m'madzi kufikira mutapeza lalikulu. Itanani bambo ndi ana, mukhale pansi, mugaŵane ntchito: wina wotunga madzi, wina wodyetsa, wina woŵerenga nsomba m'maŵa uliwonse. Miyezi itatu ikapita mutilembere kutiuza m'mene matemba anu akukhalira, kuti aŵerengi ena aphunzireko.