Makatuni akale asathere kukulunga tchipisi

Munthu aliyense amene amasunga mabuku ndi magazini a makatuni amakhala ndi limodzi limene salibwereketsa. Ena onse mwana akhoza kuwagwira, mlendo akhoza kupita nawo kukawerenga, koma limenelo limakhala pansi pa sutikesi, m'kati mwa envulopu, pamodzi ndi satifiketi ya kusukulu ndi mapepala a malo. Kawirikawiri silikhala lokongola kuposa anzake. Limakhala lija adagula ndi ndalama yake yoyamba ya ganyu, kapena lija bambo ake adabwera nalo kuchokera kuntchito pakutha pa mwezi. Likasowa, mwini wake amatha kuzungulira Blantyre yense kufunafuna lina lofanana nalo, ndipo akalipeza sanenerera kwambiri.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pamene iye akufunafuna, pamsika wa Ndirande buku ngati lomwelo likhoza kukhala likung'ambidwa tsamba limodzilimodzi kuti likulunge tchipisi, mandasi kapena bonya. Wogulitsa akutaya ndalama osadziwa, ndipo dziko likutaya chinthu chimene sichidzasindikizidwanso.

Msika wa Ndirande umadziwika kuti sutaya kanthu. Chitsulo chakutha chimasanduka mbaula, tayala limasanduka nkhwaira kapena zingwe zomangira katundu panjinga. Wogulitsa sipeya za galimoto akagula mulu wa zitsulo sathamangira nazo kusikelo. Amayamba wasankha, chifukwa amadziwa kuti kachitsulo kamodzi kamene makaniko akukasowa kangathe kubweza mtengo wa mulu wonse. Ogulitsa kaunjika nawonso akatsekula belo amapatula zovala za nambala wani asanaunjike zotsala. Koma ochita malonda a mapepala akale ambiri satero. Nyuzipepala ya dzulo ndi magazini ya zaka 40 zapitazo zonse zimakwera sikelo imodzi pa mtengo umodzi. Apa ndiye pofunika kusintha.

Pepala lokulungira lili ndi msika wake, ndipo palibe amene akuti malondawa atheretu. Boma lidaletsa majumbo opyapyala mu 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, choncho wa pachiwaya ndi wa zitumbuwa apitirizabe kufuna pepala. Nkhani ndi yakuti si pepala lililonse limene liyenera kuthera kumeneko.

Kuno ku Malawi mabuku a makatuni okhaokha sadakhalepo ambiri monga kumayiko ena. Makatuni akuno adakulira m'nyuzipepala ndi m'magazini. Anthu akuluakulu amakumbukira Pewani, yemwe ankajambulidwa ndi Brian Hara mu Malawi News, nyuzipepala imene idayamba mu 1959. Amakumbukira Joza wa Vic Kasinja, komanso Chatsalira wa m'magazini ya Moni, imene idayamba kutuluka mu 1964 ndipo inkasindikizidwa ku Limbe. Achinyamata a pambuyo pake adakula ndi Amtchona, ndiponso timabuku ta Sara, mtsikana woyenda ndi kanyani kake Zingo, timene bungwe la Unicef lidafalitsa m'mayiko a kuno kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa m'zaka za m'ma 1990. Choncho kwa wosunga makatuni wa ku Chilomoni kapena ku Bangwe, chuma chake chenicheni chikhoza kukhala Moni imodzi yakale yosang'ambika, kapena kope la kusukulu limene adamatamo Pewani sabata ndi sabata.

Zinthu zimenezi zikusowa chifukwa palibe amene ankaziona ngati zosunga. Zinkawerengedwa, n'kupatsirana nyumba ndi nyumba, kenako n'kukutira makope a ana, kuyatsira mbaula, kumata pakhoma kapena kupichirira fodya. Zotsala zidadyedwa ndi chiswe ndi mphemvu. Zina zidapita ndi madzi, monga zidachitikira m'madera ambiri a Blantyre pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Chaka chilichonse zimene zatsala zikuchepa, pamene anthu amene adakula nazo tsopano ndi akuluakulu, ena ali pantchito zabwino, ena ali ku Johannesburg kapena ku London ndipo amasowa kwawo. Katundu akamachepa ofuna alipo, wamalonda aliyense amadziwa chimene chimachitikira mtengo.

Kumayiko a azungu zimenezi zidachitika kale. Buku la Action Comics loyamba, limene mudatulukira Superman koyamba mu 1938 ku America, linkagulitsidwa masenti 10. Adasindikiza makope pafupifupi 200,000, koma lero akuti atsala pafupifupi 100 okha, chifukwa ana ankawerenga n'kutaya, ndipo pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mapepala akale ankasonkhanitsidwa kukapangira ena. Mu Epulo 2024 kope limodzi lidagulidwa pa mtengo wa madola 6 miliyoni pa okushoni. Koma nkhani yothandiza kwambiri wamalonda wa ku Ndirande ndi ya mu 2013. Munthu wina amene ankakonza nyumba yakale m'dera la Minnesota adapeza buku lomweli m'kati mwa khoma, litasakanikirana ndi nyuzipepala zakale zimene eni nyumba adatsekera mphepo. Pokanganirana ndi wachibale, chikuto cha kumbuyo chidang'ambika. Bukulo lidagulidwabe madola 175,000, koma ogulitsa adati kung'ambikako kudachotsa pafupifupi madola 75,000 pa mtengo wake.

Pankhaniyi pali maphunziro atatu. Chinthu chimakwera mtengo ngati chili chosowa, ngati chasungika bwino, ndiponso ngati pali munthu amene akuchifuna. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, pepala limabwerera kusikelo.

Apa m'pofunika kunena zoona, kuti wina asatseke benchi yake n'kuyamba kulota mamiliyoni. Ku Malawi kulibe okushoni ya makatuni, kulibe buku la mitengo yake, ndipo kulibe akatswiri opima mabukuwa n'kuwapatsa malikisi monga amachitira ku America. Magazini ya Moni ya zaka za m'ma 1980 siingagulire munthu nyumba ku Namiwawa. Mabuku a Superman kapena Spider-Man amene amapezeka pa mabenchi a mabuku akale m'tauni, ambiri ndi a posachedwa ndipo adasindikizidwa ochuluka zedi, choncho mtengo wake ndi wa buku lowerenga basi. Amene angauze venda kuti kabuku kalikonse kachizungu ndi golide akumunamiza.

Komabe masamu ake ndi osavuta. Mwachitsanzo, ngati kilogalamu ya mapepala ikugulitsidwa K1,000 ndipo pakufunika magazini khumi kuti akwane kilogalamuyo, ndiye kuti magazini imodzi ikupita pa K100. Munthu amene akufuna magazini yomweyo kuti aisunge sangaione ngati ya K100, pakuti sakugula kulemera kwake. Ngakhale atapereka mtengo wa nyuzipepala ya lero yokha, wogulitsa wapindula kangapo pa chinthu chimene adachigula ngati zinyalala. Mpamba wowonjezera sukufunika. Chofunika ndi mphindi zochepa zosankha mulu usanang'ambidwe.

Posankhapo, choyamba kuyang'ana ndi deti. Chilichonse chosindikizidwa ku Malawi chisanafike chaka cha 1994 chiyenera kuikidwa padera, makamaka Moni, Malawi News, Boma Lathu ndi Odini. Nyuzipepala zimene zidabuka mu 1992 ndi 1993, dziko likupita ku riferendamu ya pa 14 Juni 1993, nazonso n'zofunika, chifukwa zambiri zidatha patangopita nthawi yochepa ndipo zinali ndi makatuni a ndale amene kale sakadaloledwa. Chachiwiri ndi nambala: kope loyamba la magazini iliyonse, kapena makope otsatizana a chaka chathunthu, amaposa makope omwazikana. Chachitatu ndi kukwanira kwa masamba. Magazini yopanda chikuto, kapena imene wina adadulamo chithunzi, yatsika kale mtengo. Ndipo kudula katuni yokha n'kutaya tsamba lonse n'kulakwitsa, pakuti deti ndi dzina la nyuzipepala zimene zili pamwamba pa tsamba ndizo umboni wa zaka zake.

Kasungidwe nako n'kosafuna ndalama zambiri. Pepala limadana ndi zinthu zinayi: chinyontho, dzuwa, chiswe ndi mafuta. Magazini aikidwe chogona, osapinda, m'katoni youma imene ili pamwamba pa thabwa, osati pasimenti kapena kutsamira khoma, makamaka kwa okhala kufupi ndi mtsinje wa Nasolo kumene nyumba zimazizira m'dzinja. Asayanikidwe padzuwa pabenchi tsiku lonse, chifukwa mtundu umafwifwa ndipo pepala limauma n'kuyamba kuthetheka. Pong'ambika pasamatidwe selotepi, pakuti pakapita nthawi imasiya banga lachikasu losachoka. Mtengo usalembedwe ndi bolopeni pachikuto. Ulembedwe pakapepala kena. Ndipo katundu wotereyu ndi bwino kumusunga kunyumba kusiyana ndi kumugoneka mumsika, poti moto wa m'misika sulinso nkhani yachilendo m'dziko muno.

Nanga ogula ali kuti? Si onse amene angafike ku Chinseu kapena kwa Goliyo kudzafunsa. Wamalonda ayenera kuwatsata. Chithunzi chooneka bwino cha chikuto, chojambulidwa ndi foni n'kuikidwa pa WhatsApp kapena pa Facebook, chimafika kwa anthu amene sangapondeko mumsika. Aphunzitsi, atolankhani, ojambula ndi ophunzira a m'makoleji amene akufufuza mbiri ya dziko lino ndi ena mwa anthu oyamba kuwaganizira. Pofuna kudziwa ngati chinthu chili chosowadi, pali malo ofunsako. Laibulale ya Society of Malawi ili ku Mandala House mumzinda womwe uno, nyumba yosungirako zinthu zakale ili ku Chichiri, ndipo National Archives ili ku Zomba. Kumeneko sikumsika ayi, koma kuli anthu odziwa kusiyanitsa chosowa ndi chopezeka paliponse. Paja safunsa adadya phula.

Pa mtengo, wogulitsa asafulumire kutchula. Ayambe wamva chimene wogula akufuna ndi chifukwa chake. Amene akusowa kope limodzi kuti akwanitse chaka chathunthu amalipira bwino kuposa wongodutsa. Koma chilungamo chisasowe. Ngati tsamba lina palibe, wogula auzidwe asanapereke ndalama. Anthu osunga zinthu zakale ndi ochepa ndipo amadziwana, kotero wonamiza mmodzi wataya onse. Chilungamo chomwecho chikufunikanso pogula. Mayi wamasiye amene akugulitsa katoni ya mabuku a malemu amuna ake kuti apeze ya ufa sayenera kupatsidwa mtengo wa pasikelo pamene wogulayo waona kale kuti muli zamtengo. Kumuwonjezera pang'ono ndiko kumachititsa kuti mawa auze anzake kumene angapite ndi makatoni awo.

Chenjezo lina ndi la mafotokope. Wina akhoza kuganiza zochulukitsa Pewani kapena Amtchona pamakina n'kumagulitsa ngati timabuku. Kumeneko n'kuphwanya lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, limene bungwe la Cosoma limayang'anira. Kugulitsa kope lenileni limene munthu adagula n'kololedwa, koma kusindikiza ena popanda chilolezo cha wojambula, banja lake kapena kampani imene idasindikiza n'kuba thukuta la mwini. Ndiponso fotokope ilibe mtengo kwa wosunga zakale, amene amafuna pepala lenileni la nthawi imeneyo.

Ena anganene kuti venda amadya za tsiku lomwelo, alibe nthawi yosunga katundu miyezi itatu kudikira kasitomala amene mwina sabwera. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo n'chifukwa chake palibe amene ayenera kuika mpamba wake wonse m'magazini akale. Koma pa mulu wa makilogalamu 20, zoyenera kupatula mwina sizingakwane ndi kilogalamu imodzi yomwe. Zotsalazo zipite kwa a tchipisi monga mwa masiku onse, ndalama ya lero ilowe. Katoni imodzi yapadera siidya, siiola ngati tomato, ndipo ikalephereka kugulika ikhoza kubwererabe kusikelo tsiku lina. Chimene sichingatheke ndi kubweza tsamba limene lanyowa kale ndi mafuta a pachiwaya.

Makatuniwa ankaseketsa, komanso ankasonyeza mmene anthu a m'tauni ankavalira, mmene ankayankhulira ndi zimene zinkawasowetsa tulo. Ojambula ena mwa iwo adatisiya kale, ndipo ntchito zawo zambiri sizili pa intaneti. Makope amene atsala ali m'masutikesi ndi m'makatoni a m'makomo a ku Ndirande, Zingwangwa ndi Machinjiri, ndipo tsiku limene amatuluka m'nyumbamo, munthu woyamba kuwagwira amakhala wogula mapepala akale. Iyeyo ndiye amagamula ngati buku lija wina wakhala akulifuna zaka zambiri lifike m'manja mwake kapena likulunge tchipisi cha K500. Asanaike mulu pasikelo, ayambe wautsekula n'kuona madeti.