Mwala woyamba ukhale wa ndani?

Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu. Anyamata anatseka misewu ndi miyala ndi zipika, mlendo aliyense nkumafunsidwa kumene akuchokera ndi zimene wanyamula m'chikwama. Anthu osachepera 9 anaphedwa. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake kuno ku Phalombe ndi ku Mulanje, boma nkuletsa kuyenda usiku. Chipwirikiticho chitafika ku Blantyre, munthu wodwala khunyu anawotchedwa, wina anagendedwa mpaka kufa. Madokotala anati panalibe umboni woti wina anapopedwa magazi.

Chimandipweteka nchakuti kuno ndife anthu opemphera. Kuyambira ku Migowi mpaka ku Chiringa, Lamulungu matchalitchi amadzaza, ndipo sindikayika kuti ena mwa amene anatola miyala chaka chimenecho anaimvapo nkhani ya pa Yohane 8, ya mayi wogwidwa m'chigololo.

Pa ndime 7 Yesu akulola kuti ayambe kuponya mwala ndi munthu wopanda tchimo. M'Chigiriki munthuyo akutchedwa anamartetos, liwu lopezeka pamenepo pokha m'Chipangano Chatsopano chonse. Tsinde lake ndi hamartano, kuphonya kapena kuchimwa, ndipo kachidutswa ka kutsogoloko kakukana: amene sanaphonyepo nkamodzi komwe. Amene sanagwidwepo chabe sakuwerengedwa. Amene machimo ake ndi ochepa kuyerekeza ndi a mnzake nayenso ayi.

Liwulo likunena munthu mmodzi, ndipo mphamvu yake yagona pamenepo. Gulu lolusa limadalira kuti woyamba asadziwike. Mawa lake aliyense amati ndinangopeza anthu akumenya kale. Lamulo la Mose pa Deuteronomo 17:7 linkafuna kuti mboni ndizo ziyambe, poyera, kuti ngati zanama magaziwo akhale pamutu pawo. Yesu anangowabwezera omuneneza mayi uja ku lamulo lawo lomwelo, nalikweza: atuluke mmodzi, aonekere nkhope. Anachoka mmodzimmodzi, akuluakulu patsogolo. Ndiponso mwamuna amene anachita naye chigololocho anali kuti? Levitiko 20:10 amaweruza onse awiri, koma amene anaguzidwira pabwalo ndi mayi yekha. Mpaka lero gulu limasankha wopanda omuikira kumbuyo: mlendo, wodwala misala, gogo wokhala yekha. Ku Neno mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana, chonsecho lamulo la 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Alipo enanso amene amaikonda ndimeyi akagwidwa ndi ndalama za boma, nkumati tonsefe ndife ochimwa. Amenewo asatinamize. Yesu sanatseke makhoti, ndipo mayi uja anamuuza kuti asakachimwenso. Chimene anakana ndi kupha munthu ndi manja a gulu lodziyesa loyera.

Abusa, ansembe ndi mafumu athu, nkhaniyi muziiphunzitsa kukali bata, chifukwa mphekesera ikabuka palibe amene amamva ulaliki. Ndipo inu owerenga, mukadzamva mfuu yoti "wakuba!" kapena "mfiti!" pamsika, mwala muusiye pansi, munthuyo mupite naye kupolisi ali wamoyo.