Fumbi la mpendadzuwa ku Tate Modern

Chionetsero cha njere za mpendadzuwa cha katswiri wa zaluso Ai Weiwei chinatsegulidwa pa 12 Okutobala 2010 ku Tate Modern mumzinda wa London, ndipo chinabwera ndi mwambo wachilendo. M'nyumba zoonetseramo zaluso mlendo amayenda manja ali kumbuyo ngati mkamwini pakhomo pa apongozi: kuona n'kololedwa, kukhudza ayi. Apa zinali zosiyana. Anthu ankaponda njerezo, kukhalapo, kugonapo chagada, ena kuzitapa m'manja n'kumamvetsera m'mene zinkalirira pogwa. Sabata isanathe, oyang'anira malowo anatchinga ndi chingwe. Panalibe amene anathyoka mwendo, panalibenso moto. Chimene chinaletsa kupondako pa chionetsero chotchuka chonchi chinali fumbi, lomwe lija mayi aliyense amayamba waliwaza madzi asanagwire tsache.

Nyumba ya Tate Modern kale inali yopangira magetsi. Makina anazima mu 1981, ndipo mu 2000 inatsegulidwanso ngati malo a zaluso zamakono. Chipinda chimene munali makinawo, chotchedwa Turbine Hall, n'chachitali mamita 35 kuchoka pansi kufika kudenga, moti munthu akaimamo amaoneka ngati nyerere m'nkhokwe yopanda chimanga. Chaka ndi chaka ankaitana katswiri mmodzi kuti adzaze chipindacho ndi ntchito yake. Ai Weiwei, wa ku China, anasankha kanthu kochepetsetsa n'kukachulukitsa: njere 100 miliyoni, zolemera matani 150, zoyalidwa pamalo a masikweya mita 1,000, kuzama kwake masentimita 10. Powerengera ndi matumba a makilogalamu 50, amenewo ndi matumba 3,000.

Panalibe njere ndi imodzi yomwe imene inamera m'munda. Zonse zinaumbidwa ndi dothi loyera lopangira makapu ndi mbale zosweka, ku Jingdezhen m'chigawo cha Jiangxi, mzinda umene kwa zaka mazanamazana unkaumbira mafumu a ku China ziwiya zawo. Ntchitoyo inatenga zaka zoposa ziwiri ndipo inagwiridwa ndi anthu pafupifupi 1,600. Miyala inkaphwanyidwa n'kuperedwa, dothi n'kukandidwa, kenaka kulipanikiza m'tizikombole. Njere zinkawotchedwa m'ng'anjo pa moto wofika madigiri 1,300. Timizere takuda tija tinkalembedwa ndi dzanja, njere imodziimodzi, mbali zonse ziwiri, ndi kaburashi kowonda. Ambiri mwa olembawo anali amayi, ena m'timafakitale ting'onoting'ono, ena kunyumba kwawo pakati pa kuphika ndi kulera ana. Njerezo zikagawidwa mofanana kwa onse 1,600, aliyense zimugwera 62,500. Amene anatonolapo chimanga cha ngolo imodzi yokha akudziwa zimene zala zimanena madzulo.

Pakhoma panalembedwa dzina limodzi. Umu ndi m'mene zimakhalira pa zaluso, monga nyumba imatchedwa ya bwana ngakhale anasenza njerwa ndi ena. Koma Ai Weiwei sanabise anthu ake. Pambali pa chionetserocho pankaonetsedwa kanema wa m'mene njerezo zinapangidwira, nkhope za oumba ndi olemba zikuoneka bwinobwino. Ndipotu tanthauzo la ntchito yonseyo linagona pa iwo. M'nthawi ya Mao Zedong zithunzi za boma zinkaonetsa mtsogoleriyo ngati dzuwa, anthu wamba ngati mpendadzuwa wotembenukira kwa iye. Wolankhula Chichewa safunika kumufotokozera zambiri apa, popeza dzina la mbewuyo lanena kale zonse: imapenda dzuwa. Njere zake zinalinso chakudya chotafuna cha amphawi, chogawana m'misewu pa nthawi yovuta. Ukaziona uli patali zimangokhala mchenga wotuwa, koma ukatola ziwiri n'kuziyang'anitsitsa, sizifanana.

Tsono vuto linali pa kupondako. Njerezo sizinapakidwe mankhwala onyezimira amene amateteza kapu kapena mbale. Zinali zokhakhala, kuti zifanane ndi zenizeni. Anthu mazanamazana akamayendapo, ana akamathamangapo, njere zinkakhulana ngati mphale mumtondo, ndipo kafumbi kosalala kankakwera m'mwamba. A Tate anafotokoza kuti fumbilo linachuluka kuposa m'mene ankayembekezera chifukwa cha changu cha alendo, ndipo kuti likhoza kuvulaza munthu amene akulipuma mobwerezabwereza kwa nthawi yaitali. Mawu akuti "kwa nthawi yaitali" ndi ofunika kuwagwira bwino. Mlendo amasewera kanthawi, kujambulitsa chithunzi, n'kupita kukamwa tiyi. Amene amakhala m'chipindamo kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi wolondera, ndi wopalasa njere ndi leki kuti pakhalenso posalala, ndi wosesa zimene zatayikira m'mbali. Mapapo amene anali pachiswe anali a anthu amene dzina lawo silinalembedwe paliponse.

Anthu anadandaula, ndipo ena amene anachokera kutali anabwerera atakhumudwa. Kuyambira pamenepo njerezo zinkaonedwa munthu ataima m'mphepete kapena pa mlatho wa pamwamba. Koma chodandaulitsa chenicheni si chingwecho ayi. Chodabwitsa n'chakuti anthu ophunzira chonchi anadabwa. Walira mvula walira matope. Amene waitana khamu kuti liponde dothi lowotcha, waitananso fumbi, ndipo ziwirizi zimabwera pa galimoto imodzi. Nzeru imeneyi sifuna digiri. Woumba mbiya aliyense akudziwa kuti mapale awiri akakhulana amatuluka ufa, ndipo wosesa m'kalasi akudziwa kusiyana kwa pansi pamene payenda mphunzitsi mmodzi ndi pamene pathamanga ana makumi asanu ndi atatu. Chinthu chimene chapirira phazi la katswiri pochiyesa sichinayesedwe. Chimayesedwa tsiku limene afika ana a sukulu.

Chowawa n'chakuti aka sikanali koyamba. Mu 1971, ku Tate Gallery, nyumba ina ya a Tate omwewa, katswiri wa ku America Robert Morris anaika matabwa otsetsereka, zingwe, mitanda yoyendapo ndi zigubu zogubuduza, n'kuuza anthu kuti akwere ndi kusewera. Anthu anamvera mopitirira muyezo. Zinthu zinathyoka, ena anavulala, ndipo chionetserocho chinatsekedwa patangopita masiku anayi. Mu 2009 anachibwezeretsa ku Tate Modern ndi zipangizo zolimba, koma ena anapwetekabe. Mu 2007 Doris Salcedo wa ku Colombia anang'amba pansi pa Turbine Hall mng'alu wotalika mamita 167, wofanizira tsankho ndi malire amene amagawa anthu, ndipo alendo ena anagweramo ngakhale panali zikwangwani zochenjeza. Mng'aluwo unakwiriridwa mu 2008, koma chipsera chake chikuonekabe pa simenti. Katatu konse phunziro ndi limodzi: munthu amene wakhala zaka zonse akuuzidwa kuti asakhudze, tsiku lomumasula sakhudza ndi chala chimodzi. Amalowamo thupi lonse ngati mbuzi yoduka chingwe m'dimba.

N'chifukwa chake chionetsero cholola anthu kutengapo mbali chimakhala ndi ntchito yambiri yosaoneka kuposa chithunzi chopachika pakhoma. Chithunzi chimafuna msomali wolimba, kuwala koyenera ndi mlonda mmodzi. Chinthu chogwiridwa chimafuna wowerengera kulemera kumene pansi pangasenze, woyeza mpweya, wokonza zothyoka usiku kuti m'mawa zioneke ngati sizinakhudzidwe, woletsa mwana kumeza njere, ndi wodziwa chithandizo choyamba. Chimafunanso munthu woleza mtima woyang'ana matumba a anthu, popeza kanthu kakang'ono kokongola kamakonda kulowa m'thumba la malaya. Njere za Ai Weiwei zinabedwa, ndipo a Tate anapempha anthu kuti asatenge. Wakubayo amadzitonthoza kuti pa 100 miliyoni imodzi siioneka, osaganiza kuti mnzake wakumbuyo akuwerenganso masamu omwewo. Ndipo sizinali zopanda mtengo: mu Febuluwale 2011 mulu wa makilogalamu 100 wa njere zamtunduwu unagulitsidwa pa okushoni ya Sotheby's pa mapaundi oposa 349,000.

Mbali imodzi yokambirana ndi anthu inatsala chingwe chitakokedwa. Panali timalo ta makamera pomwe mlendo ankajambula funso lake, Ai Weiwei n'kumayankha kudzera pa intaneti. Nayonso mbali imeneyi inadulidwa, koma osati ndi fumbi. Pa 3 Epulo 2011 Ai Weiwei anagwidwa pabwalo la ndege ku Beijing ndipo anasungidwa masiku 81. A Tate analemba mawu akuluakulu pamwamba pa nyumba yawo opempha kuti amasulidwe. Chionetserocho chinatha pa 2 Meyi 2011 mwini wake akadali m'manja mwa boma, njere zake zili chiyalire, osapondedwa.

Kenaka panatsala ntchito imene siikhala ndi phwando lotsegulira kapena atolankhani: kuwola matani 150 aja n'kuwabwezera m'matumba, monga m'mene anabwerera. Mu 2012 Tate inagula njere 8 miliyoni, zolemera matani 10, kuti zikhale zake mpaka kalekale. Zimenezi zikhoza kuyalidwa pansi kapena kuunjikidwa mulu ngati chimanga chotonola pamkeka. Zikaonetsedwa, lamulo lake ndi lakale lija la mkamwini: kuona n'kololedwa, kukhudza ayi.