Masamu a ku Joni tiziwerengera mpaka kumapeto

Kuno ku Nkopola mwana wa Sitandade 7 atha kulakwa masamu a m'kalasi, koma mukamufunsa kuti R3,000 ndi makwacha angati, amayankha musanatseke pakamwa. Mtengo wa randi timaudziwa kuposa wa feteleza. Nzosadabwitsa. Kuchokera pa Makawa, kudutsa Namiasi ndi Mpondasi, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi mpaka kukwera ku Namwera ndi Katuli, banja lopanda munthu ku Joni nlochita kufunafuna. Mukaona nyumba ya njerwa zootcha, malata ali ng'aning'ani, sola padenga, njinga yamoto ya kabaza pakhonde, funsani mwini wake. Akuuzani kuti ali ku Durban, Cape Town kapena Johannesburg.

Tiyambe ndi manambala amene anyamata amaonetsana pafoni, chifukwa si abodza. M'mwezi wa March 2024 boma la South Africa lidaika malipiro otsikitsitsa pa R27.58 pa ola. Sabata ya ntchito kumeneko ndi maola 45, choncho pamwezi zimakwana pafupifupi R5,400. Chaka chomwecho kwathu kuno malipiro otsikitsitsa adachoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Pa mtengo wa kubanki randi imodzi inkagula makwacha pakati pa 90 ndi 100, ndiye R5,400 ija inali cha m'ma K500,000, kuposa kasanu malipiro a kuno. Ukasinthira kwa anyamata a pamsewu, imachita kunenepa kuposa apo. Mu 2025 ife tidakweza kufika K126,000, iwo R28.79 pa ola, koma mpatawo udakali waukulu ndithu.

Ndiye akuluakulu amene amaima pansanja kumauza achinyamata a Mangochi kuti khalani kwanu mutukule dziko, ayambe aona manambala amenewa. Mlovi wa pa chilimira amagona panyanja usiku wonse, m'mawa mwini zida n'kuyamba wachotsa za mafuta a injini ndi za nyale, zotsalazo ndiye agawane anthu onse a m'boti. Mwera ukawomba kulibe cholowa. November ndi December nyanja amatseka. Chambo chimene chidatchukitsa dera lino chikusowa, ku Malombe ndiye kudatsala mbiri yokha. Mu 2024 madzi adakwera mpaka kumiza malo ena ogona alendo, ndipo pakhomo pa ntchito pakatsekedwa, woyamba kuuzidwa kuti akadikire kunyumba ndi waganyu. Mnyamata wotere mukamuuza kuti Joni ndi yoipa, akusekani.

Vuto langa ndi masamuwa nlakuti timawasiyira panjira. Timachulukitsa randi ndi kwacha, n'kuwomba m'manja, osachotserapo kanthu.

Choyamba kuchotsera ndi R5,400 yeniyeniyo. Ndalama imeneyo ndi ya munthu amene bwana wake akuopa lamulo. Ambiri a ife timalowa pa Beitbridge ndi chidindo cha masiku 30 cha mlendo wokacheza, chimene sichilola kugwira ntchito. Masikuwo akatha, munthu wasanduka wobisala. Ntchito amaipeza ndithu, mushopu, potsukira galimoto, pomanga nyumba, kusamala maluwa pakhomo pa munthu, koma amene wamulembayo amadziwa kuti wopanda pemiti sathamangira kukadandaula ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a antchito. Malipiro amakhala amene bwana wanena, maola ndi amene bwana wafuna, ndipo tsiku la Lachisanu ukapempha kupita ku Juma, ena amadula.

Kenako pamabwera moyo wa m'tauni ya eni, kumene chilichonse n'chogula. Lendi ya kachipinda, magetsi a mayunitsi, thekisi yopita ndi kubwera, ufa, ngakhale masamba amene kuno timangothyola kuseri kwa nyumba. Miyezi yoyambirira pamakhalanso ngongole ya transipota amene adakunyamula kudzera ku Tete, Nyamapanda ndi Harare, kuwonjezapo ya "kodilinki" yopereka ukaimitsidwa pamsewu. Imene imafika kuno pa Mukuru ndi yotsala pa zonsezi, ndipo imatsala chifukwa munthuyo wadzimana. Nyumba ya malata imene timaisirira ija idamangidwa ndi munthu wogona pansi, anthu asanu m'chipinda chimodzi, chaka ndi chaka, ana ake akukula akumuonera pa WhatsApp. Zimenezi pachithunzi chimene amatumiza ataima pafupi ndi galimoto ya bwana sizioneka.

Tsono yang'anani woperekera zakudya pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja muno. Malipiro ake ukawasintha kukhala marandi, nzochititsa manyazi. Koma amagona m'nyumba yake pamalo a makolo, kuntchito amapita pa njinga yakapalasa, mayi a kunyumba ali ndi kamunda ka chimanga ndi nandolo, ndipo akatsikira kudoko m'mawa mlamu wake amamutapira usipa wa ndiwo. Mwana wake wa ku pulayimale salipira fizi, monga zakhalira kuyambira 1994. Akadwala, chipatala cha boma cha pa Mangochi sichimufunsa pasipoti kapena ndalama. Zonsezi ndi chuma, kungoti sizilembedwa pa pepala la malipiro.

Ndisakometse mopitirira, poti chuma chosalembedwachi chikudyeka. Kuchipatala kwaulereko nthawi zambiri amakulembera mankhwala kuti ukagule wekha. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo sopo, shuga ndi mafuta ophikira zidathawa osayang'ana m'mbuyo. Kumayambiriro kwa 2025 thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 lidafika pofanana ndi malipiro a mwezi wathunthu a K90,000 aja, m'misika ina kuposa. Kwacha ikagwa, wolandira randi amakhala ngati wakwezedwa malipiro atagona, pamene mnzake wa pa loji wadulidwa osauzidwa. Ichi ndicho chimakankha anthu kupita ku Joni kuposa china chilichonse.

Pali mbali ina imene sitifunsana n'komwe: ntchitoyo ikakutaya, imakusiyira chiyani? Pa pepala maiko onse awiri ali ndi zabwino. Kuno lamulo la penshoni la 2011 lidati bwana aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pachaka, ndipo mayi woyembekezera ali ndi masabata asanu ndi atatu akulandirabe malipiro ake onse. Ku South Africa kuli thumba la UIF, kumene bwana ndi wantchito amaponyako 1 peresenti aliyense kuti ntchito ikatha munthu azipeza kangachepe. Koma wobisala uja UIF amangoimva. Kunonso mlovi, wakabaza ndi mtsikana wa m'nyumba penshoni saidziwa, ndipo ena amene amadulidwa mwezi ndi mwezi amadzazindikira pochoka kuti bwana sankatumiza ndalamazo. Banki yaikulu ya dziko lino yakhala ikudandaula za mabwana otere.

Agogo athu adayenda njira yomweyi pa Wenela ndi pa Theba. Nthawi ina Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Ndege itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi 74, Kamuzu adaletsa ulendowo. Udayambiranso mu 1977, n'kutheratu mu 1988 pa mkangano woyeza HIV. Sindikuyamikira nthawi imeneyo. Inali ya tsankho, ndipo ambiri adabwerako ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi, ena mpaka lero akusungabe timapepala tofiira m'jumbo kudikira ndalama zawo. Komabe ngakhale dongosolo lankhanza lija linali ndi kontirakiti, linali ndi ulendo wobwerera, ndipo gawo la malipiro munthu ankadzalandirira kumudzi. Mdzukulu wawo wa lero alibe chilichonse mwa izi. Akagwidwa amakasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, n'kubwera ndi zovala za m'thupi zokha. Mu 2015 ziwawa zothamangitsa alendo zitabuka ku Durban, boma lidachita kutumiza mabasi, ndipo ambiri otsika m'mabasiwo anali a kuno ku Mangochi. Mu 2025 gulu la Operation Dudula linkaima pazipata za zipatala kubweza obwera. Akamwalira, anzake amasonkherana pa gulu la WhatsApp kuti maliro abwere, zikakanika amaikidwa konko.

Ndikawerengera zonsezi, chigamulo changa nchakuti Joni imapambanabe pa ndalama ya m'manja, makamaka kwa amene ali ndi luso monga utelala, umakaniko kapena kuwotcherera zitsulo, ndiponso ali ndi mapepala. Kwa mnyamata wosiyira sukulu Sitandade 6, wopita pa ngongole, phindu lake nlochepa kwambiri kuposa limene kakyuleta imaonetsa, ndipo likhoza kutha tsiku limodzi. Chimene chimandiwawa ndi makolo amene akugulitsa malo a m'mbali mwa nyanja kuti apeze ya pasipoti ndi ya transipota. Malo amenewo ndiwo amachititsa kuti malipiro ochepa a kuno akhale opiririka. Malowo akapita, mwanayo akadzabwezedwa adzafikira pa lendi m'mudzi mwake momwe. Musanasaine kwa amfumu, muimbireni msuweni ali kumenekoyo, mumufunse imene imatsala akalipira zonse, ndi amene adamusamala ulendo womaliza umene adadwala.

A unduna wa zantchito, mu November 2023 achinyamata 221 adakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel boma likudziwa, ndipo pambuyo pake maiko awiriwa adasainirana mgwirizano. Njira ya ku Joni ndi yakale kuposa imeneyo, ndipo imadyetsa mabanja ochuluka zedi, koma oyendamo adasiyidwa m'manja mwa matransipota. Kambiranani ndi anzanu a ku Pretoria za mapepala a anthu amenewa. Podikira zimenezo, tumizani alangizi a zantchito a pa boma la Mangochi ayende m'maloji, m'mashopu ndi m'madoko kuchokera pa Nkopola mpaka Monkey Bay, akaone ngati malipiro otsikitsitsa aja akuperekedwa, ndiponso ngati penshoni imene anthu akudulidwa ikufika kumene iyenera kufika.