Nkhwangwa iyambe yadikira pa mtengo wa mabulosi

M'midzi ya ku Tsangano ndi Macanga mwafala mawu akuti mabulosi ndi mtengo wa ana ndi mbalame, ndipo mlimi wanzeru audule n'kubzalapo pichesi kapena apozi. Onena izi ali ndi mfundo imodzi yoona: chipatsochi sichipirira ulendo. Mbatata ya kachewere imakwera lole n'kukafika ku Tete ili bwinobwino, pomwe mabulosi othyoledwa lero amakhala atanyenyeka pofika mawa, madzi ofiirira ali chuu m'beseni. Koma amene akuweruza mtengowu ndi sikelo ya pamsika ayang'ana chipatso chokha, masamba sanawaone.

Chuma cha mtengowu chili m'masambawo. Ku China, kwawo kwa mabulosi oyera, anthu akhala akuulima kwa zaka zikwizikwi kuti adyetse mbozi zotulutsa ulusi wa silika. Akatswiri a ziweto atayeza masamba ake ouma anapeza kuti pa magawo 100 alionse, magawo 15 mpaka 28 ndi zakudya zomanga thupi, muyeso umene udzu wouma wa m'chilimwe suuyandikira n'komwe. Nthawi yake nayo ndi yofunika. Kumapiri ozizira kuno mtengowu umayoyola masamba m'nyengo yachisanu, kenako n'kuphukira chakumayambiriro kwa chilimwe, tchire litapsa, mbuzi zikunyambita mapesi otsala m'munda nthiti zili pamtunda. Mwini mitengo ingapo m'mphepete mwa dimba amangosadza nthambi n'kuponya m'khola, mbuzi ndi akalulu n'kumadya osasiya kanthu. Mtengo wosadzidwawo umaphukanso.

Nanga mawu akuti chipatso cha ana, n'chitonzo? Mabulosi amapsa cha m'ma Seputembala ndi Okutobala, mango asanayambe. Mwana wobwera kunyumba milomo ndi zala zili bii wadya chipatso chokhala ndi vitamini C popanda kholo kutulutsa ndalama. Chakudya chotere sichilembedwa m'kaundula wa malonda ku Macanga, koma m'thupi mwa mwana chimaoneka. Mabulosi otsala angathe kuphikidwa ndi shuga kukhala jamu, ndipo jamu saopa msewu.

Ena amati mtengowu ndi wobwera, choncho sitiyenera kuuteteza. Kubwera n'koona, ndipo sitikometsa nkhani pouyesa wa makolo ngati masuku. Ngakhale chipatso chikafiira, anthu asafulumire kuutcha mabulosi ofiira enieni, chifukwa mtundu umenewo kwawo ndi kum'mawa kwa North America, ndipo mabulosi otchedwa oyera nawonso amabereka zipatso zofiira kapena zakuda. Koma pichesi, tirigu, kachewere ndi fodya amene akudyetsa mabanja a ku Macanga, zonsezi n'zobwera. Chimanga chenichenicho chinachokera ku Mexico. Tikati tithamangitse alendo onse, nkhokwe zitsala zopanda kanthu.

Dandaulo lomwe tiyenera kulimvera ndi la kufalikira. Mbalame zimamwaza njere, ndipo ku South Africa mabulosi oyera ali pa mndandanda wa boma wa zomera zolanda malo. Ku Ontario, m'dziko la Canada, amasakanikirana ndi ofiira mpaka ofiirawo ali pangozi yotha. Izi zikutiuza kuti mtengowu ufunika mwini wouyang'anira. Wodulidwa pafupipafupi kuti udyetse ziweto umakhala waufupi ndipo umabereka zipatso zochepa, kotero njere zomwazika zimachepanso. Tomera tokha m'mbali mwa mtsinje tizulidwe tikadali tating'ono, ndipo pobzala titalikirane ndi khoma la nyumba ndi chitsime poopa mizu.

Pichesi abzalidwe ndithu, malo ake alipo. Koma mbande yabwino ya pichesi imafuna kumezanitsa kapena ndalama, pomwe mabulosi amangofuna kanthambi kokhwima, kotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala, kozikidwa m'dothi lonyowa m'malire a munda mvula ikayamba.