Maso a tsiku loyamba

Mlatho wa pa Songwe ndinawoloka wapansi, chikwama kumsana, kope m'thumba la malaya. Tsidya lino ndi boma la Karonga, tsidya linalo ndi Kasumulu, ndipo mtsinje wolekanitsa mayiko awiriwa si waukulu ayi. Komabe ukangoponda dothi la Tanzania, nthawi imadumpha ndi ola limodzi, kwacha ili m'thumba imadikira kaye osintha ndalama, ndipo moni wako sayankhidwanso monga unazolowera. Kuchokera pamenepo ndinayenda ndekha milungu isanu, pabasi, pasitima yapamtunda ndi yapamadzi, kudutsa Tanzania, Kenya, Uganda ndi Rwanda.

Kunyumba funso linali limodzi: "Nokhanokha? Nanga mukakadwala?" Sindinawaone olakwa. Ife timanyamuka pakagwa maliro, pakakhala ukwati, kukapikula katundu kapena kukasaka ntchito ku Joni. Ulendo wongokaona dziko timauyesa wa azungu. Mlongo wanga anandiikira mtedza wokazinga ndi mankhwala a malungo m'chikwama, nandiuza kuti ndiziimba foni Lamulungu lililonse.

Ndinadziikira lamulo limodzi: dziko lililonse lomwe ndalowa, ndisagone usiku woyamba ndisanalembe zomwe ndaona. Chifukwa chake n'chakuti maso a tsiku loyamba sakhalitsa. Pofika tsiku lachitatu wayamba kale kuona monga eni mudzi, zodabwitsa zija zasanduka zamasiku onse. Akuluakulu ponena kuti mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa sananame, koma kalumoko kamabuntha msanga.

Za Tanzania ndinalembera ku Mbeya, nditadutsa m'mapiri a Tukuyu momwe tiyi ndi nthochi zimakukumbutsa ku Thyolo. Chomwe chinandigwira mtima si mapiriwo koma chilankhulo. Chiswahili chili ponseponse ndipo sichichita manyazi: pazikwangwani, pandalama, kubanki, pawailesi, m'kamwa mwa wapolisi ndi mwa bwana wovala suti. Julius Nyerere anachikweza dala kuti chimange mitundu yoposa 100 kukhala anthu amodzi. Khutu langa linkatola mawu apachibale, nyumba, nyama, moto, mbuzi, ndipo ndinkamva ngati ndikumvetsera asuweni akucheza kuseri kwa mpanda. Ngakhale nthawi amaiwerenga mwawomwawo. Tsiku limayamba dzuwa likatuluka, choncho 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi ola loyamba, "saa moja". Mayi wina wogulitsa mandazi ndiye anandimasulira zimenezi, akuwerenga ndi zala. Ndinaona kuti n'zanzeru. Agogo athu nawonso tsiku ankaliyambira pa tambala ndi pa dzuwa, osati pakati pa usiku aliyense ali mtulo.

Ku Mbeya ndinakwera sitima ya TAZARA. Njanji imeneyi ndi ya makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi mpaka ku Dar es Salaam, ndipo inamangidwa pakati pa 1970 ndi 1975 ndi thandizo la China. Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia mu 1965, Zambia inafunika njira ina yotulutsira kopa wake kunyanja, ndiye Kenneth Kaunda ndi Nyerere anagwirana manja. Pakati pa Makambako ndi Mlimba sitima imalowa m'mapanga oboola m'mapiri ndi kuwoloka milatho yotalika moti ukasuzumira pawindo mtima umati phwii. Musitima umu ndimo ndinaphunzira ubwino wa kuyenda wekha. Anthu awiri oyendera limodzi amakhala ngati nyumba yotseka chitseko, anthu amawasiya. Munthu mmodzi aliyense amamuitana. Bambo wina wachikulire amene tinali naye m'chipinda anamasula mpunga ndi nkhuku yake, nandikankhira mbale akuti "karibu". Tinadya, tinacheza ndi manja ndi timawu tochepa tomwe tinkamvana, mpaka tulo.

Dar es Salaam inandilandira ndi thukuta. Ndinapita ku Kariakoo, msika umene amayi athu ageni amautchula ngati ndi pa Limbe pomwepa. Dzinali linachokera ku Carrier Corps, gulu la amtengatenga a pankhondo yoyamba yapadziko lonse, ntchito yomwe inadyanso miyoyo ya azigogo athu ambiri. Sindinakhalitse. Mtima unali ku Zanzibar.

Sitima yapamadzi imatenga pafupifupi maola awiri. Ngakhale chilumbachi chinaphatikizana ndi Tanganyika mu 1964, pofika umaonetsabe pasipoti. Zomwe ndinalemba usiku woyamba ndikaziwerenga lero ndi za munthu woledzera ndi kukongola. Timisewu ta Stone Town topanikizana moti galimoto silingalowe. Zitseko zikuluzikulu zosemedwa maluwa, zokhomedwa misomali yamkuwa. Fungo la khofi, zokometsera zakudya ndi nsomba zowotcha. Madzulo pa Forodhani anyamata akudumphira m'nyanja, ena akufinya madzi a nzimbe, kuitana kwa kumzikiti kukumveka mbali zonse. Ndinalemba kuti sindinaonepo mzinda wokoma chotere, ndipo mawu amenewo sindikuwabweza.

M'mawa mwake ndinapita ku Mkunazini, ku tchalitchi chachikulu cha Anglican. Chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo, umene Sultan Barghash anautseka mu 1873 atapanikizidwa ndi Angerezi. Omanga tchalitchichi, motsogozedwa ndi Bishopu Edward Steere, ndi a mishoni yomweyo ya UMCA imene inadzamanga tchalitchi chachikulu cha pa Likoma. M'katimo muli mtanda wawung'ono wopangidwa ndi mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene patsinde pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone. Panja pali dzenje momwe muli ziboliboli za anthu asanu omangidwa unyolo m'khosi, maso awo osayang'ana aliyense. Mnyamata wondionetsa malo anandifunsa kwathu. Nditati ku Malawi, anangoti: "Mnyasa."

Mawu amodzi amenewo anandikhazika pansi. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamsika uja ankachokera kwathu kuno, kunyanja. Ankawasonkhanitsa kwa Jumbe ku Nkhotakota, kuwawolotsa nyanja pazombo, kenako kuwayendetsa wapansi miyezi mpaka ku Kilwa, magoli ali m'khosi. Ofooka ankatsala panjira. Mtunda umene ine ndinaudutsa nditakhala pampando, ndikudya nkhuku ya mnzanga, iwo anauponda ndi mapazi otupa. Kusukulu tinaphunzira zimenezi, tinalemba mayeso, tinakhoza. Koma kuima pamalopo uli wekha, wopanda woti umuyang'ane kuti akuchepetsereko kulemera kwake, ndi chinthu china. Madzulo ndinabwereranso m'timisewu tija. Zitseko zinali zokongolabe, koma tsopano ndinkadzifunsa kuti chuma chozisemera chinachokera kuti, ndipo minda yomwe inalemeretsa chilumbachi ankalima ndani. Maso a dzulo sananame. Anangoona khonde, m'nyumba asanalowe.

Kenya ndinaithamangira. Kuchokera ku Dar ndinadzera ku Tanga, kulowa pa Lunga Lunga mpaka ku Mombasa, komwe linga la Fort Jesus, lomwe Apwitikizi anayamba kumanga mu 1593, likuyang'anabe doko. Kenako sitima yatsopano ya Madaraka Express, imene inayamba kuyenda mu 2017, inanditengera ku Nairobi kudutsa m'nkhalango ya Tsavo. Ndinaona njovu zofiira ndi dothi la kumeneko, zitaima chapafupi ndi njanji. Ndinatembenuka kuti ndinene kuti "taonani!" koma panalibe womva mawuwo. Ndisakubisireni, abale, umenewu ndiwo mtengo wa ulendo wawekha. Chimwemwe chimasowa pochitula, ndipo chakudya chamadzulo chimatha msanga. Ku Nairobi ndinalemba zinthu ziwiri: anthu amayenda mothamanga ngati aitanidwa, ndipo ndalama yapafoni, M-Pesa, imene inayamba mu 2007, imalandiridwa ngakhale ndi wowotcha chimanga pamsewu.

Uganda inandipumitsa mtima. Ku Jinja ndinaima pomwe mtsinje wa Nile umatulukira m'nyanja ya Victoria, ndikuganiza za Shire wathu pa Mangochi, ndikudabwa kuti madzi a Nile ofatsa chonchi akupita mpaka ku Egypt. Matooke ophikidwa m'masamba a nthochi anandikumbutsa mbalagha ya ku Karonga, ndipo moni wawo ndi wautali, wofunsa za kunyumba, ngati wathu. Ku Kampala njinga zamoto za kabaza, zomwe amati boda boda, n'zochuluka ngati ngumbi mvula itagwa.

Ndiye Rwanda. Pachipata cha Gatuna anatisecha zikwama kufuna majumbo apulasitiki, amene analetsedwa m'dzikomo mu 2008. Basi inasamukira kudzanja lamanja la msewu, nthawi inabwerera kukhala ngati yakwathu, ndipo mapiri olimidwa mpaka pamwamba anatiperekeza mpaka ku Kigali. Tsamba la usiku umenewo ladzaza ndi kusirira. Ngalande zopanda zinyalala. Magetsi a mumsewu oyaka onse. Wakabaza aliyense ali ndi nambala pamsana ndi zipewa ziwiri zodzitetezera, china chake, china cha wokwera. Loweruka lomaliza la mwezi, m'mawa, galimoto zimaima, masitolo amatseka, anthu amatuluka ndi makasu ndi matsache kukagwira ntchito ya m'dera lawo, imene amaitcha umuganda. Ndinakumbukira Lilongwe ndi majumbo olendewera m'mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, ndipo zinandiwawa. Ndinalemba mwaukali kuti ife tikulephera chiyani.

Tsiku lachiwiri ndinakwera ku Gisozi, kumalo okumbukira kuphedwa kwa Atutsi mu 1994. Pamenepo pagona anthu oposa 250,000. M'masiku pafupifupi 100, kuyambira mwezi wa April, anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa, ambiri ndi zikwanje, ambiri ndi anthu owadziwa, wailesi ikutchula mayina ndi malo omwe abisala. Muli chipinda cha ana. Pansi pa chithunzi chilichonse analembapo zaka za mwanayo, chakudya chomwe ankachikonda, ndi momwe anaphedwera. Sindinathe kuwerenga zonse. Ndinatuluka, ndinakhala pabenchi m'munda wamaluwa, ndipo chomwe chinabwera m'mutu ndi tsiku la 17 May 1994. Tsiku limenelo ife tinali pamizere, tikuvota mwachimwemwe pachisankho cha zipani zambiri. Dzuwa lomwelo, ola lomwelo, kuno anthu ankabisala m'madambo ndi m'matchalitchi. Chaka chomwecho kwathu kunatsegulidwa msasa wa Dzaleka ku Dowa. Ndinaganiza za eni timagolosale ta m'makwalala athu, amene timangowatcha "Maburundi" osafunsa kuti kwenikweni kwawo n'kuti, kapena chinawathamangitsa n'chiyani.

Nditatsika ku Gisozi, ukhondo wa Kigali ndinauona mwina. Anthu osesa msewu limodzi Loweruka lija, ena ndi ana a ophedwa, ena ndi ana a opha. Milandu yambiri inaweruzidwa pamabwalo a m'midzi otchedwa gacaca, omwe anatsekedwa mu 2012, ndipo ambiri omwe anavomera kulakwa anabwerera kukakhala moyandikana ndi amasiye omwe anawasandutsa amasiye. Ndinaonanso kuti anthu salankhula za ndale momasuka ngati momwe timachitira ife m'minibasi, komwe kondakitala amadzudzula nduna mokweza wina osatembenuka n'komwe. Kusirira kwanga kulipobe, ndipo majumbo athu akundiwawabe. Koma funso laukali lija sindingalifunsenso mopepuka chotero, ngati kuti dongosolo la dziko ndi chitenje chongobwereka kwa mnansi. Alendo ambiri amabwerako ndi chigamulo cha tsiku loyamba n'kumachilalikira m'mabwalo ndi pawailesi. Ine ndikuti lembani zomwe mwaona usiku woyamba, musasiyeko kanthu, koma musasainire pansi pake musanagone kawiri.

Pobwerera ndinatulukira pa Rusumo, pomwe mtsinje wa Kagera umagwa ndi mkokomo pansi pa mlatho, ndipo basi inabwereranso kudzanja lamanzere. Panatenga masiku kuti ndifike ku Mbeya. Pa Songwe wapolisi atandipatsa moni m'chilankhulo chathu, ndinamuyankha motalikitsa kuposa momwe ankayembekezera.

Ndinasankha msewu wa m'mbali mwa nyanja, kudzera ku Nkhata Bay. Pa Nkhotakota ndadutsapo kambirimbiri m'moyo wanga, ndikugula mpunga ndi nsomba pawindo la basi, koma ndinali ndisanatsikepo. Ulendo uno ndinatsika. Ndinafunsa njira ya kumtengo wa mkuyu umene anthu amati Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, ndipo mtsikana wina wasukulu anandiperekeza. Kuchokera pamenepo ndinatsetserekera kugombe. Amayi ankatsuka mbale, asodzi ankasoka maukonde, mapiri a tsidya la Mozambique akuoneka mwa chizimezime. Ndinakhala pamchenga, ndinatsegula kope patsamba latsopano, ndipo pamwamba pake ndinalembapo dzina la dziko ndi tsiku, monga ndinkachitira kwina konse kuja.